N'chifukwa chiyani tchipisi cha kunyumba chimalobodoka?

Ana inu, munazionapo izi? Tchipisi cha m'malesitilanti a m'tauni mukachiluma chimalira m'kamwa. Kunja chimakhala chokukutika, m'kati muli wofuwofu. Koma tsiku limene mwawachonderera amayi kuti akukazingireni kunyumba, chimatuluka cholobodoka, chonyowa ndi mafuta, mukachigwira chimangopindika. Mbatata ndi yomweyo ya kachewere, mafuta ndi omwewo. Musawanene amayi ayi. Wolakwa ndi madzi.

Mbatata imaoneka yolimba, komatu pa magalamu 100 aliwonse, pafupifupi 80 ndi madzi okhaokha. Zotsalazo zambiri ndi sitachi, kaufa koyera kamene kamabisala m'timatumba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Choncho wokazinga tchipisi ntchito yake ndi yothamangitsa madzi kunja kwa kachidutswa kalikonse mpaka kuume gwa, koma osaumitsa m'kati.

Mvetserani phokoso lija limamveka mbatata ikangogwera m'mafuta, ndipo onani thovu limene limabwadamuka. Ambiri amaganiza kuti mafuta akuwira. Si mafuta amenewo. Madzi amawira pa madigiri 100, pamene mafuta okazingira amafika madigiri 180 osawira. Mbatata ikagweramo, madzi ake amasanduka nthunzi nthawi yomweyo n'kuyamba kuthawa, ndiye thovu lonselo ndi madzi akutuluka. Thovu likamachepa, dziwani kuti kunja kwauma.

Vuto likubwera apa. Mukakoleza moto wambiri, kunja kumapserera m'kati musanapse, ndipo mukaluma mumapeza mbatata yaiwisi. Mukachepetsa moto, m'kati mumapsa bwino koma tchipisi chimamwa mafuta n'kulobodoka. Ngakhale zitaoneka ngati zatheka, mukaphula nthunzi yotsala m'kati imapitiriza kutuluka n'kunyowetsa kachikhungu kopyapyala ka kunja. Pasanathe mphindi zisanu chafewa.

Anthu a ku Belgium anapeza njira kalekale: amakazinga kawiri. Dziko limeneli limanyadira tchipisi kwambiri moti mumzinda wa Bruges muli nyumba yosungiramo mbiri ya tchipisi yotchedwa Frietmuseum, imene inatsegulidwa mu 2008. Iwo ndi anansi awo a ku France amalimbirana mpaka lero kuti anayambitsa tchipisi ndani, ndipo mlanduwu palibe anaugamula. Koma mbatatayo si ya onse awiriwo. Kwawo ndi kumapiri a Andes ku South America, kufupi ndi nyanja ya Titicaca, m'malire a Peru ndi Bolivia, kumene anthu anayamba kuilima zaka zoposa 7,000 zapitazo. Anthu a ku Spain ndi amene anapita nayo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Popeza inakulira kumapiri, imakonda malo ozizira. N'chifukwa chake kuno kwathu imachita bwino ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mukamadutsa pa Lizulu mumaiona itaunjikidwa m'zidebe m'mbali mwa msewu.

Tiyeni tilowe m'khitchini. Koma tigwirizane kaye. Kutsuka, kupukuta ndi kuwerenga mphindi ndi ntchito yanu. Mpeni wakuthwa ndi mafuta amoto n'za akuluakulu.

Sankhani mbatata zikuluzikulu, zokhwima, za mtundu uja waufa umene mukauphika umang'ambika wokha. Mbatata yaufa ili ndi sitachi wambiri ndi madzi ochepa, ndiye nkhondo mwaipambana theka musanayatse moto. Ku America malesitilanti a McDonald's amagwiritsa ntchito kwambiri mtundu wotchedwa Russet Burbank pa chifukwa chomwechi, komanso poti ndi yaitali ndipo imatulutsa tchipisi chachitali. Mbatata yobiriwira khungu kapena yophuka ikaniyeni. Kubiriwirako ndi chizindikiro choti yakhala padzuwa ndipo ingakhale ndi poizoni wotchedwa solanine amene amapweteketsa m'mimba. Komanso mbatata yaiwisi musamaisunge m'firiji. Ikazizidwa kwambiri, sitachi wina amasanduka shuga, ndipo shuga sachedwa kupserera. Tchipisi chake chimada bii chisanaume. Mbatata ya kholowa imavuta kuti ikukutike pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, shuga wake ndi wambiri.

Akuluakulu akasenda, adule timizere tofanana, mamilimita 6 kapena 7 mbali zonse. Tengani rula ya kusukulu muyeze kamodzi kuti maso azolowere. Kufanana n'kofunika, chifukwa kakang'ono kamapserera kakakulu kasanapse.

Tsopano tsukani. Ikani timizereto m'beseni la madzi ozizira, muvundule ndi dzanja. Madzi achita mbuu. Musawataye msanga. Tsanulirani m'kapu ya galasi muisiye pathebulo mphindi khumi, kenaka mukhuthule madzi a pamwamba pang'onopang'ono. Pansi mupeza kaphala koyera mbee, ndipo mukakakhudza ndi chala kamalira tswii. Ameneyo ndiye sitachi, amene anatayika mpeni utang'amba timatumba tija. Akatsala pa mbatata amamatiriza timizere pamodzi ndipo amapserera msanga. Sinthani madzi mpaka ayere.

Chotsatira ambiri sachidziwa, ndipo ine ndi chimene ndimachikonda koposa. Tchipisi cha m'malesitilanti akuluakulu chimayamba chaviikidwa m'madzi otentha chisanaone mafuta. Kunyumba, wiritsani malita awiri a madzi, muthiremo masupuni awiri aakulu a viniga ndi mchere pang'ono, muike mbatata yokwana kilogalamu imodzi, iwire mphindi 8 kapena 10. M'madzi otenthawo sitachi amamwa madzi n'kufufuma, monga mmene ufa umakhuthalira mukamaphika phala. Kufufumako ndiko kumapangitsa m'kati kukhala wofuwofu.

Nanga viniga akufunikiranji? Timatumba ta mbatata tinamatidwa pamodzi ndi chinthu chotchedwa pekitini. Mukawiritsa m'madzi wamba, pekitini amasungunuka msanga ndipo timizere topyapyala timaduka n'kusanduka futali. Zowawasa zimachedwetsa kusungunuka kumeneku, choncho mbatata imapsa m'kati koma imakhalabe yowongoka. Ofuna umboni agawe mbatata m'mapoto awiri, wina wa viniga wina wopanda, aone kuti yoduka ili kuti. Kuwawasa musade nako nkhawa, m'tchipisi chopsa sikumveka kwenikweni.

Mukatsanula madzi, yalani timizereto pa lichero kapena pa nsalu yoyera, tisagundane, tifuke nthunzi mpaka kunja kuume ndi kutuwa. Apa musapupulume. Dontho lililonse lotsala likakumana ndi mafuta limathetheka n'kuwotcha wokazinga, komanso limaziziritsa mafutawo.

Kukazinga koyamba n'kwachidule. Mafuta atenthe bwino, ndipo asapitirire theka la poto chifukwa thovu limakwera. Poyesa kutentha, akuluakulu aponyemo kamzere kamodzi. Kakamira n'kukhala duu pansi, mafuta sanatenthe. Kakayamba kuvina m'thovu nthawi yomweyo, zili bwino. Mafuta akamafuka utsi, apitirira, chepetsani moto. Mbatata yowiritsa ikhalemo mphindi imodzi kapena ziwiri basi, ivuulidwe idakali yotuwa. Ngati simunawiritse, chitani ngati a ku Belgium, mukazinge pa moto wofatsa, madigiri 150 kapena 160, kwa mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, mpaka ifewe koma isafiire.

Mudzachiyang'ana n'kukhumudwa. Chotuwa, chofooka, chosapatsa mudyo. Musachidye, chiyaleninso chizizire theka la ola. Pamene chikupuma, madzi a m'kati amasunthira kunja n'kuuluka, ndipo sitachi wa pamwamba amene anaphikidwa ndi mafuta amalimba n'kukhala kachikhungu. Kachikhungu kameneka ndi kamene kukazinga kwachiwiri kudzakaumitse.

Amene ali ndi firiji yoziziritsa mpaka kuumitsa akhoza kuchisunga mmenemo usiku wonse. Madzi a m'kati akasanduka ayezi amang'amba timatumba tija, ndiye pokazinganso nthunzi imatuluka mosavuta ndipo m'kati mumafewa kwambiri. M'mafakitale amachita chimodzimodzi: amasenda, amadula, amaviika m'madzi otentha, amaumitsa, amakazinga pang'ono, n'kuziziritsa mpaka gwa. Mu 1967 mlimi wina wolemera wa ku Idaho, J. R. Simplot, anagwirizana ndi Ray Kroc wa McDonald's kuti azimugulitsa tchipisi chozizira chotere. Ndiye wantchito wa mulesitilanti mukamuona akumiza kadengu ka waya m'mafuta, dziwani kuti akukazinga kachiwiri. Koyamba kunachitika kufakitale, mwina miyezi ingapo m'mbuyomo. Opanda firiji musadandaule, theka la ola pa lichero ndi lokwana.

Komatu nzeru yokazinga kawiriyi si ya kunja kokha. Tsiku lina mukaima pa chiwaya, muonetsetse manja a wogulitsa. Mafuta ali pakati pomwe pali polowa, ndipo tchipisi chimene wakazinga kale amachikankhira m'mphepete kuti chikhe mafuta. Kasitomala akafika, amakokera gawo lake pakati, chimalira pang'ono m'mafuta amoto, kenaka n'kuwolera m'mbale. Wakazinga kawiri ameneyo. Chake chimafewa chifukwa amadula zikuluzikulu ndipo nthawi zambiri amathira zambiri nthawi imodzi, koma njira ndi yomweyo.

Kukazinga kwachiwiri kumafuna mafuta otentha kwambiri, madigiri 180 mpaka 190, kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Ikani pang'onopang'ono, dzanja limodzi kapena awiri. Ndikudziwa kuti njala ikakhala itavuta mumafuna kukhuthulira zonse, koma mbatata yozizira ikachuluka mafuta amazizira, thovu limafooka, ndipo tchipisi chimayamba kumwa mafuta m'malo mouma. Dikirani mafuta atenthenso musanaike china.

Yang'anirani chapatali muone mtundu ukusintha, kuchoka kotuwa kukhala kwachikasu, kenaka kufiirira m'mphepete. Kufiiraku kunafotokozedwa mu 1912 ndi wasayansi wa ku France dzina lake Louis-Camille Maillard. Shuga wochepa amene ali m'mbatata akakumana ndi tizigawo ta mapuloteni pamalo otentha ndi ouma, zimapanga mtundu wofiirira ndi fungo lonunkhira lija limakuitanani muli kutali. Ndi zomwezonso zimafiiritsa mandasi, khungu la buledi ndi nyama yootcha. Mbatata yowiritsa siifiira ngakhale muiphike tsiku lonse, chifukwa m'madzi kutentha sikupitirira madigiri 100.

Tsopano thyolani kamzere kamodzi muyang'anitsitse pothyokapo. M'kati ndi moyera, mwaufa, mukufuka nthunzi. Kuzungulira kunja kuli kachikhungu kouma kokhala ndi timabowo tambirimbiri, mmene munadutsa nthunzi pothawa. Mano akaluma, makoma a timabowo timeneti amasweka onse pamodzi, ndipo phokoso limene mumamva ndi limenelo.

Mukavuula, ikani pa sefa kapena pa pepala loyera kuti mafuta akhe, ndipo thirani mchere nthawi yomweyo chidakali chonyezimira, chifukwa chikazizira mchere sumata. Musavundikire. Musaike m'jumbo. Mukafuna kuona chifukwa chake, tsekerani timizere titatu totentha m'kapu ya galasi n'kuvundikira ndi mbale. Posachedwa muona timadontho m'mbali mwa galasi, ndipo tchipisi chija chalobodoka. Madzi amene munavutika kuwathamangitsa abwerera. Tomato sosi, tsabola ndi saladi wa kabichi zikhale pambali, muzisunsa pamene mukudya. Ndipo ichi n'chakudya cha mwa apo ndi apo, chifukwa mafuta ndi mchere zimachuluka.

Mawu omaliza ndi okhudza moto, ndipo awa mukawauzenso akuluakulu kunyumba. Mafuta akapsa kwambiri amatha kuyaka okha m'poto. Zikatero, musathire madzi ngakhale dontho. Madzi amamira pansi pa mafuta, amasanduka nthunzi imene imatenga malo ochuluka kuwirikiza pafupifupi 1,700, ndipo nthunziyo imamwaza mafuta oyaka m'khitchini monse. Musanyamule poto kuthamanga naye panja. Wamkulu azimitse chitofu, avundikire poto ndi chivundikiro chachitsulo, amusiye azizire. Ngati mukuphika pa mbaula, ikhale pamalo osagwedera, chogwirira cha poto chiloze kumene sikudutsa anthu, ndipo mng'ono wanu wokwawa akhale kumsana kwa munthu mpaka mafuta atazizira.