Zipangizo Zoongolera Thalakitala: Musankhe Chiti?

Alimi anzathu, thalakitala ikamapotoza mizere, feteleza amagwa kaŵiri pamalo amodzi, pena n'kudumphidwa. Uko n'kutaya ndalama. Zipangizo za GPS zimaongola mizere, ndipo zilipo za mitundu itatu.

Choyamba chili ndi tinyali touza dalaivala kokhotera. Chimaphonya ndi masentimita pafupifupi 30. N'chotsika mtengo, ndipo n'chokwanira popopera mankhwala ndi pomwaza feteleza.

Chachiŵiri chimalandira uthenga wokonza zolakwika kuchokera ku setilaiti, monga StarFire ya John Deere kapena RTX ya Trimble. Chabwino chake chimaphonya ndi masentimita osakwana 5, koma uthengawo ngolipira nyengo ndi nyengo.

Chachitatu ndi RTK. Chimaphonya ndi masentimita 2.5 okha, ndipo thalakitala imabwerera pamzere womwewo chaka chamaŵa. Koma chimafuna mlongoti wake pafupi ndi munda, ndipo mapiri ndi mitengo zimatchinga uthenga wa mlongotiwo.

Choncho yambani mwaona ntchito yanu. Ngati n'kupopera kokha, choyamba chikukwanirani. Ngati mukuunga mizere ya fodya ya masentimita 120 pa esiteti yaikulu, ganizirani RTK. Musanagule, funsani alangizi a m'dera lanu.