Maola awiri aliwonse, usana ndi usiku

Nkhani za ngozi zapamsewu pa wailesi zimatha mofanana: anthu akufuna kwabwino anathamangira naye kuchipatala. Mawuwa tinawazolowera, moti palibe amafunsa kuti anathamangira naye bwanji. Amene anaonapo kabaza itawombana ndi minibasi akudziwa. Wina amagwira manja, wina miyendo, mutu uli lendelende, n'kumuponya kumbuyo kwa pikiapu. Winanso amabwera ndi madzi kuti amwe, mtima ukhale m'malo. Onsewa ndi akufuna kwabwinodi. Koma ngati fupa la m'khosi lathyoka, kamtunda kochoka pa phula kufika pa galimotoyo n'kokwanira kuti munthu amene akanayendanso asadzapondenso pansi.

Msana si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana: 7 m'khosi, 12 kumbuyo kwa chifuwa, 5 cha m'chiuno, ndipo totsalato tinagwirana kumunsi. Timafupati tili ndi mabowo pakati, ndipo mabowowo amapanga ngalande momwe mumadutsa chingwe chofewa, chonenepa ngati chala chaching'ono, chochokera ku ubongo. Uthenga wonse woti mwendo unyamuke, woti phazi lamva minga, woti chikhodzodzo chadzaza, umayenda m'chingwe chimenechi. Fupa likathyoka limapola. Chingwe chikaduka, mpaka lero palibe dokotala padziko lapansi amene angachilumikize. Ndipo nthawi zina munthu amagwa fupa n'kuthyoka, chingwe chili chamoyo, chikungodikira kuti wina apinde khosilo.

N'chifukwa chake wovulala woteroyo amanyamulidwa ngati chipika. Mmodzi amagwira mutu kuti uyang'anizane ndi chifuwa, osapotoka, atatu kapena anayi n'kumusuntha nthawi imodzi kumuika pa chitseko kapena thabwa. Chipewa cha njinga yamoto sichivulidwa pokhapokha ngati akulephera kupuma. Madzi aja asamwe, chifukwa angatsamwe, komanso mwina akupita ku opaleshoni.

Malo amene chingwe chawonongekera ndiwo amanena kukula kwa mlandu. Chikavulala kumunsi kwa chifuwa, miyendo imafa koma manja amatsala. Chikavulala m'khosi, manja nawo amapita. Pamwamba penipeni, kupuma komwe kumaima, poti mitsempha yolamula nyama yopumira imatulukira pa kafupa kachitatu mpaka kachisanu ka m'khosi. Christopher Reeve, amene ankasewera Superman m'mafilimu, anagwa pa hatchi mu May 1995 n'kuthyola timafupa tiwiri toyambirira, ndipo kuyambira pamenepo ankadalira makina opumira. Kwathu kuno mahatchi ndi osowa, koma kuli mitengo ya mango mu December, ngolo zogudubuzika, zipupa zogwa ndi mvula, ndi akabaza onyamula anthu atatu, chipewa chilipo chimodzi, nachonso chosamanga chingwe.

Za mutu ndiye zimanyenga koposa. Amene anadyapo mutu wa mbuzi akudziwa kufewa kwa ubongo. Wa munthu umalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo umayandama m'timadzi mkati mwa chibade. Gawo lakutsogolo, kuseri kwa mphumi, ndilo limakonza mapulani ndi kugwira munthu kuti asachite zopusa. M'mbali, pafupi ndi makutu, muli kumva ndi kukumbukira, ndipo kwa anthu ambiri mbali yakumanzere ndiyo imasunga chilankhulo. Kunkhongo kuli kuona. Pansi pa zonsezi pali tsinde, lomwe limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima tili m'tulo.

Chibade chimateteza ubongo, koma sichifutukuka. Mwendo ukatupa, buluku limang'ambidwa. Ubongo ukatupa, kapena magazi akayamba kuchucha mkati, palibe kothawira. Ubongo umapanikizika n'kukankhira pansi, pa tsinde lija. Pakati pa diso ndi khutu, pamene timagwira tikamadandaula litsipa, fupa ndi lopyapyala ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wa magazi. Ukang'ambika, munthu amatha kukomoka pang'ono, n'kudzuka, n'kusasa fumbi, n'kumaseka. Magazi akudzaza pang'onopang'ono. Natasha Richardson, katswiri wa mafilimu wa ku Britain, anagwa pa masewera otsetsereka pa chipale ku Canada mu March 2009, anadzuka akulankhula bwinobwino, n'kukana kupita kuchipatala. Patapita masiku awiri anamwalira. Zikachitika kumudzi, pa maliro pamamveka manong'onong'o: munthu anafika yekha pakhomo, anadya nsima, angofa bwanji? Amalume okalamba amayamba kuyang'anidwa ndi diso lofiira. Chonsecho dokotala akanaboola chibade m'maola oyambirira n'kuchotsa magaziwo, munthuyo akanakhala moyo. Mutu wopweteka mowonjezereka, kusanza kobwerezabwereza, tulo tosadzutsika, kusokonezeka, kukomoka ngati wa khunyu, kamwana ka diso limodzi kokula kuposa kanzake, madzi kapena magazi otuluka m'khutu: chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kubwereka galimoto usiku womwewo.

Kuchipatala namwino amafunsa dzina, amatsina chala, amayang'ana ngati maso akutseguka, kenako amalemba nambala ya pakati pa 3 ndi 15. Muyezo umenewu anaukonza ndi Graham Teasdale ndi Bryan Jennett ku Glasgow mu 1974, ndipo 8 kutsika m'munsi ndiye kuti zinthu zavuta. Tinene modutsa kuti mng'ono wake wa muyezowu, wopimira ana amene sanayambe kulankhula, anabadwira kwathu konkuno, pa ntchito ya Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor yothandiza ana odwala malungo a mu ubongo, ndipo madokotala padziko lonse amautchula dzina la Blantyre.

Tsono tinene kuti munthu wapulumuka, wagonekedwa, miyendo siikumva. Apa ndi pamene ambiri timaganiza kuti nkhani yatha, chatsala n'kupemphera. Madokotala a ku Ulaya nawo ankaganiza chomwecho zaka zoposa 80 zapitazo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, dokotala wa ku America, Harvey Cushing, anapeza kuti asilikali pafupifupi 8 mwa 10 alionse ovulala chingwe cha msana ankamwalira pasanathe milungu ingapo. Chinkawapha si kufa kwa miyendo. Zinali zilonda zobwera chifukwa chogonera malo amodzi, ndi mkodzo wokhalitsa m'chikhodzodzo mpaka kuwononga impso.

Amene anasintha zimenezi anali Myuda wothawa kwawo. Ludwig Guttmann anabadwa mu 1899, anali katswiri wa ubongo ndi mitsempha ku Breslau, ndipo anathawa ulamuliro wa Hitler mu 1939 n'kukafika ku Oxford. Mu 1944 boma la Britain, podziwa kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ibweretsa ovulala ambiri, linamupatsa wodi ya ovulala msana pa chipatala cha Stoke Mandeville. Madokotala anzake ankaiona ntchitoyi ngati yodikirira maliro.

Guttmann sanabwere ndi mankhwala atsopano, ndipo opaleshoni ya msana sankaifulumirira. Anabwera ndi wotchi. Analamula kuti wodwala aliyense azitembenuzidwa pa maola awiri aliwonse, usana ndi usiku, kaya akugona, kaya akutukwana. Iye mwini ankatulukira m'wodi pakati pa usiku kudzaona ngati lamulo likutsatidwa. Mkodzo unkatulutsidwa pa nthawi yake ndi kapaipi koyera, kolowetsa n'kuchotsa. Mankhwala ogonetsa, amene odwalawo ankapatsidwa kuti asavutitse, anawachepetsa. Munthu akangopeza mphamvu ankamukhazika pa njinga ya olumala n'kumupatsa ntchito: kupala matabwa, kukonza mawotchi, kutayipa. Anali wouma mutu, wosamva za munthu, koma odwala ake anamutcha Poppa, ngati kunena kuti ababa, ndipo anasiya kufa.

Kenako anabweretsa masewera, osati osangalatsa alendo koma olimbitsa mapewa ndi msana, poti wopanda miyendo amayendera mapewa. Pa 29 July 1948, tsiku lomwe mpikisano wa Olympics unkatsegulidwa ku London, anthu 16 a pa njinga za olumala anapikisana kuponya mivi pa kapinga wa chipatalacho. Mu 1952 kunabwera timu ya ku Netherlands, ndipo mu 1960 ku Rome kunasonkhana ochita masewera pafupifupi 400 ochokera m'mayiko 23. Ndiwo ma Paralympics amene Malawi analowa koyamba mu 2016 ku Rio kudzera mwa wothamanga Taonere Banda. Dziko limakumbukira mamendulowo. Ine chimene chimandigwira mtima ndi wotchi ija, chifukwa zonse zimene zinapulumutsa asilikali aja, kupatula mankhwala opha tizilombo amene anafika nthawi yomweyo, zinali ntchito ya manja. Ndipo ntchitoyi siinyozeka ngakhale kwa olemera: Reeve, ndi ndalama zake zonse ndi anamwino ake, anamwalira mu October 2004 akulandira chithandizo cha chilonda cha pabedi chomwe chinalowa tizilombo.

Wovulala msana amaoneka, ndipo anthu amamumvera chisoni. Wovulala ubongo nthawi zambiri amatuluka m'chipatala akuyenda yekha, abale n'kuthokoza Mulungu kuti wachira. Pakatha mwezi mkazi wake ndiye amayamba kudandaula kwa ankhoswe: bambowa asintha, akupsa mtima ndi ziii, akutukwana pamaso pa apongozi, ndalama ya feteleza anagulira wailesi, zimene tagwirizana m'mawa madzulo akukana. Ena amati wapenga, ena amati wayamba chamba. Pamene chavulala ndi gawo lakutsogolo lija, mabuleki a munthu.

Madokotala anayamba kuzindikira zimenezi chifukwa cha kapitawo wina wa njanji ku Vermont, m'dziko la America. Pa 13 September 1848, Phineas Gage, wa zaka 25, ankatsendera wonga m'bowo la thanthwe pamene wongawo unaphulika. Chitsulo chotalika kupitirira mita imodzi, cholemera makilogalamu 6, chinalowa patsaya lakumanzere n'kutulukira paliwombo. Sanafe. Dokotala wake, John Harlow, analemba kuti munthu amene anali wodalirika uja anasanduka wamwano, wosakhazikika, moti anzake ankati si Gage amene ankamudziwa, ndipo kampani inakana kumubwezera ukapitawo. Mabuku ambiri amalekera pomwepa. Koma Gage anapita ku Chile n'kukagwira kwa zaka zingapo ntchito yoyendetsa ngolo ya mahatchi yonyamula anthu pa ulendo wautali. Ntchito yotere imafuna kulawirira, kusamala ziweto, kusunga nthawi, kulankhula bwino ndi okwera. Wofufuza mbiri yake, Malcolm Macmillan, amakhulupirira kuti ndondomeko yosasintha ya tsiku ndi tsiku imeneyi ndiyo inamubwezeretsa m'chimake. Anamwalira mu 1860 ndi matenda a khunyu, omwe amatsatira ena ovulala mutu patapita zaka.

Maselo a ubongo amene afa sabwerera, koma otsala amalambula njira zatsopano, monga momwe kanjira kachidule kamabadwira m'munda anthu akamapondapo tsiku ndi tsiku. Mafizo ndiko kupondapondako: kukweza dzanja kakhumi, mawa kakhumi ndi kawiri, kutchula mayina a ana, kumanga mabatani a malaya wekha ngakhale zitenge theka la ola. Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira, ngakhale kumapitirira kwa zaka. Chikondi chathu chomuchitira wodwala chilichonse, kumudyetsa, kumuveka, kumuyankhira mafunso, pano chimamubera nthawi imene sadzaipezanso.

Akatswiri tili nawo, ngakhale ndi ochepa. Opaleshoni za mutu zimachitika ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo pa Kamuzu Central ku Lilongwe panamangidwa chipatala cha LION cha mafupa ndi ubongo. Malo a Kachere ku Blantyre akhala akuphunzitsa ofa ziwalo kudzisamalira kwa zaka zambiri, ndipo sukulu ya ukachenjede ya KUHeS imasula akatswiri a mafizo. Koma wodwala amakhala kumeneko milungu kapena miyezi yowerengeka. Zaka zotsalazo amakhala kwawo, pa mphasa yoyala pa simenti kapena pa dothi, ndipo Guttmann wake ndi mayi ake, mkazi wake kapena mlongo wake, gadiyani yemwe uja ankagona pansi pa bedi m'wodi. Ameneyu ndiye ayenera kutuluka m'chipatala ataphunzitsidwa, atayeserera ndi manja ake namwino akuona: kutembenuza kwake, poika mapilo kapena nsalu zopindapinda, kasamalidwe ka kapaipi ka mkodzo, kumwetsa madzi okwanira, kuongola mawondo ndi akakolo tsiku lililonse kuti asaume atapindika.

Pali chinthu chimodzi chimene mabuku ambiri a kunja samuuza. Amalemba kuti chilonda cha pabedi chimayamba ndi kufiira kwa khungu, chifukwa analembera khungu loyera. Pa khungu lathu kufiirako sikuoneka bwino. Malowo amangoda kuposa pozungulira, mwina n'kunyezimira, ndipo ukawakhudza amakhala otentha kapena olimba. Wodwalayo sangadandaule, poti sakumva kanthu. Choncho m'mawa uliwonse gadiyani amutulutse poyera kapena atsegule zenera, ayang'ane ndi kupapasa pamwamba pa matako, m'mbali mwa chiuno, zidendene ndi akakolo. Akapeza malo otero, wodwala asagonerenso mbali imeneyo mpaka khungu libwerere mwakale, ndipo likang'ambika apite kuchipatala tsiku lomwelo. Usiku, alamu ya pa foni itchedwe 10 koloko, 12 koloko, 2 koloko ndi 4 koloko.