Ndalama Zakale Zimanena Nyengo Yake

M'midzi ya kwa Nazombe, m'boma la Phalombe, si chachilendo kupeza kachitini ka ndalama zakale pansi pa sutikesi ya agogo. Ndalamazi sizingagulenso mchere, koma m'maiko ambiri muli anthu amene amazisonkhanitsa ndi kuzilemba m'mabuku. Mabukuwa sasakaniza ndalama chisawawa. Amazigawa potsata nyengo imene zinkagwira ntchito, ndipo banja lililonse likhoza kusanja zake mwa njira yomweyo.

Nyengo ya Chitaganya

Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinakhalapo kuyambira 1953 kufikira 1963. Ndalama zake zachitsulo zinayamba kutuluka m'chaka cha 1955. Yodziwika kwambiri ndi khobidi loboola pakati, lokhala ndi njovu ziwiri. Panalinso tiki ndi sheleni zokhala ndi mutu wa Mfumukazi Elizabeth. Makhobidi 12 ankapanga sheleni, ndipo masheleni 20 ankapanga paundi. M'mabuku, ndalamazi sizipezeka pansi pa dzina la Malawi ayi, koma pa dzina la Rhodesia and Nyasaland, chifukwa zinali za maiko atatu.

Paundi ya Malawi

Dziko litalandira ufulu mu 1964, linakhala ndi paundi yakeyake. Mutu wa Dr. H. Kamuzu Banda unalowa m'malo mwa wa Mfumukazi. Sheleni inali ndi chimanga kumbuyo kwake, ya masheleni awiri inali ndi njovu. Nyengoyi inali yaifupi, zaka zisanu ndi ziwiri zokha.

Kwacha ndi tambala

Mu 1971 munabwera kwacha, ndipo paundi imodzi inasinthidwa ndi makwacha awiri. Sheleni inasanduka 10 tambala, ya masheleni awiri inasanduka 20 tambala. Apa ndi pamene osanja ambiri amasokonezeka, pakuti chimanga chija chinakhalabe pa 10 tambala, njovu zija pa 20 tambala, ndipo mutu ndi wa Kamuzu yemweyo. Chofunika ndi kuwerenga mawu ndi chaka zolembedwa pa ndalamayo, osangoona chithunzi.

Nyengo ya kwacha imagawidwanso potsata nkhope za pa ndalama zapepala. Poyamba panali Kamuzu. Mu 1995 munatuluka za Bakili Muluzi, ndipo kuyambira 1997 nkhope ya John Chilembwe ndiyo inafala. Mu 2012 Reserve Bank inatulutsa zatsopano zokhala ndi anthu osiyanasiyana: Inkosi M'mbelwa II pa K20, Inkosi Gomani II pa K50, James Sangala pa K100, Rose Chibambo pa K200, Chilembwe pa K500 ndi Kamuzu pa K1000. Ya K2000 inadza mu 2016, ya K5000 mu 2022.

Za kutsidya kwa malire

Popeza Phalombe wachita malire ndi Mozambique, m'chitini muja mukhoza kupezekanso ndalama za kumeneko. Yolembedwa escudo ndi ya nyengo ya Apwitikizi, ndipo inagwira ntchito mpaka 1980 pamene metical inalowa m'malo mwake. Zimenezi ziikidwe padera.

Phindu lake n'lotani?

Akuluakulu ambiri sadziwa chaka chimene anabadwa, komabe amakumbukira ndalama imene anailandira pa ganyu yawo yoyamba kapena imene anaperekera msonkho. Munthu amene anagula buku la kusukulu ndi tiki ali ndi poyambira powerenga zaka zake. Amene anakwatira kwacha itangofika kumene, ukwati wake wapitirira zaka 50.

Za mtengo, ndi bwino kusayembekezera zambiri. Makhobidi oboola anapangidwa ochuluka zedi, choncho ambiri sagulidwa pamtengo waukulu. Osonkhanitsa amafuna ndalama yosowa ndiponso yosaperepeseka. Kuikwecha ndi mchenga kapena phulusa kuti iwale kumaiononga ndi kutsitsa mtengo wake. Yapepala isapindidwe, isungidwe pouma, kutali ndi chiswe.

Ndalama zakale ndizo zoyenera kukhala m'chitini. Zogwira ntchito lero zisakwiriridwe m'nyumba, pakuti boma likasintha ndalama limapereka nthawi yosinthira, ndipo nthawiyo ikatha, zotsala zimangokhala zokumbukira.