CHOKI YA INJINI: MAU KWA ALIMI A KU CHIKWAWA NDI NSANJE

Alimi a m'chigwa cha Shire, madzi akaphwa m'madimba ambiri a inu mumatulutsa mainjini opopera madzi, ndipo ena mumadzutsa magalimoto akale onyamulira thonje kupita ku Ngabu, Nchalo kapena Bangula. Pa mainjini a petulo amenewa pali kachitsulo kakang'ono kamene kakudyera anthu ndalama chaka ndi chaka. Dzina lake ndi choki. Amene muli ndi injini ya dizilo nkhaniyi si yanu, pakuti dizilo alibe kabuleta.

Kabuleta ndiye mbiya imene petulo amasakanikiramo ndi mpweya. Injini ikazizira petulo sauluka bwino, tsono pakhosi pa kabuletayo anaikapo kachitseko kotseka mpweya kuti petulo achuluke. Injini ikatentha kachitsekoko kayenera kutseguka konse. Kakatsala kotseka, utsi umatuluka wakuda, pulagi imada ndi mwaye, mphamvu imachepa, ndipo petulo wina amatsikira mu oilo namusungunula. Kuno kwathu, kumene mu October ndi November kutentha kumapyola madigiri 40, choki ifunika kanthawi kochepa zedi. Ntchito yake yeniyeni ili m'mamawa a June ndi July.

Musanagule kanthu yambani mwadziwa mtundu wa choki yanu. Zimitsani injini, chotsani sefa ya mpweya, suzumirani pakhosi. Pa mpope wa Honda GX160 ndi anzake a ku China ofanana nao, choki ndi kamkono kamene mumakankha ndi chala, pamwamba pa kamkono kotsegulira petulo. Pa Land Rover yakale ya kabuleta wa Zenith kapena Solex, ndi pa Nissan 1400 imene ku South Africa anasiya kuipanga mu 2008, mupeza waya wochokera pafupi ndi chiongolero. Mukakoka, kachitseko katseke. Mukabweza, kaime chilili. Imeneyi ndi choki ya manja, ndipo matenda ake kawirikawiri ndi dzimbiri m'waya basi. Madontho a oilo amachiza.

Yovuta ndi choki yodzitsegula yokha. Muizindikira ndi kachivundikiro kozungulira kokhala pambali pa kabuleta. M'katimo muli sipuling'i ya zitsulo za mitundu iwiri imene imamasuka ikamva kutentha, nikoka kachitseko. Tsono yang'anani chimene chikulowa m'kachivundikiromo. Mukaona waya wa magetsi, imatenthedwa ndi magetsi, ndipo wayayo akaduka kapena fyuzi ikapsa choki sitseguka, ngakhale iyo ilibe chilema. Ambiri ataya ndalama kugula kabuleta wathunthu pamene chofa chinali waya. Mukaona mapaipi awiri a mphira, imatenthedwa ndi madzi a injini, ndipo madzi a m'zitsime zathu zamchere amatseka mapaipi otere msanga. Mukaona kapaipi kachitsulo kopita ku ekizozi, imadalira mpweya wotentha. Kapaipiko kakaola ndi dzimbiri, choki yafa.

Ine ndiona kuti pa galimoto yakale yoyenda m'chigwa muno, choki yodzitsegula ikafa si nzeru kutaya miyezi kuifunafuna. Makaniko angathe kuikapo waya wa manja, kapena kumasula timisomali ta kachivundikiro ndi kukapotoza kufikira kachitseko kakhale kotseguka nthawi zonse. Koma dziwani kuti mukakagona nayo ku Thyolo kapena ku Blantyre nthawi ya chiperoni, idzavuta kulira m'mawa.

Palinso china. Petulo wa m'Malawi amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira mu 1982, ndipo wina amapangidwa konkuno ku Chikwawa, pa fakitale ya PressCane imene inayamba ntchito mu 2004. Petuloyu ayendetsa injini bwino lomwe, koma akakhalitsa amakoka chinyontho. Mpope umene mwausunga dzinja lonse uli ndi petulo m'kabuleta mudzaupeza timabowo take titatsekeka, ndipo udzalira pokhapokha choki ili yotseka. Pamenepo musanamizire choki iai. Kabuleta ndiye afuna kutsukidwa. Chimodzimodzi mainjini amene anamira pa madzi osefukira a mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023: matope a Shire ndi Ruo sachoka ndi kungopukuta kunja. Posunga mpope tsekani petulo, injini ilire kufikira izime yokha.

Nanga chikasowa mankhwala ndipo muyenera kugula china? Musatume mwana ndi mau apakamwa okha akuti "choki ya Toyota." Galimoto za dzina limodzi zimakhala ndi makabuleta osiyana monga mwa injini ndi chaka, ndiponso galimoto yakale idapita kale m'manja ambiri, mwina injini ili m'menemo si yobadwa nayo. Masulani kabuleta yense, lembani dzina ndi manambala odindidwa pathupi pake kapena pa kachitsulo komangidwa pa msomali wake, lembaninso nambala ya injini. Kulungani m'nsalu, mukwere naye nokha kupita m'masitolo a ku Limbe kapena kwa ogulitsa zitsulo zakale ku Ndirande. Kumeneko ikani chakale ndi chatsopano pamodzi. Mabowo a mabauti alingane, khosi lifanane kukula, ndipo mkono wa choki ukhale mbali yomweyo. Chogwiritsidwa kale ntchito chigwedezeni: kamtengo ka kachitseko kakamasewera m'bowo mwake, chisiyeni, chidzaba mpweya. Gasiketi gulani yatsopano, ndipo pemphani lisiti.

Chizolowezi chotseka khosi la kabuleta ndi chikhato polizitsa injini chilekeni, pakuti moto umabwerera pomwepo nutentha dzanja. Ndipo ntchito yonseyi ichitike masana, pabwalo, kutali ndi koloboyi ndi fodya woyaka.