Kuzindikira kachikumbu kowotcha khungu: zofunika kwa azaumoyo ndi azaulimi ku Mzimba

Mvula ikakhazikika m'boma la Mzimba, kuyambira mu Disembala mpaka mu Epulo, magetsi a m'maofesi, m'zipatala ndi m'nyumba zogona ana asukulu amakopa tizilombo tambiri touluka usiku. Pakati pa ngumbi ndi tizilombo tina totere pamatha kupezeka kachikumbu kakang'ono, kofiira ndi kokuda, komwe sikaluma ndipo kalibe mbola, koma kakaphwanyidwa pakhungu kamasiya bala longa lamoto.

Ku Kenya ndi ku Tanzania kachikumbuka kamadziwika ndi dzina loti Nairobi fly ngakhale kuti si ntchentche. Akatswiri a sayansi amakatcha Paederus. Kamapezeka m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo kamakonda malo a chinyontho monga madambo, madimba ndi magombe a mitsinje. Malo oterewa ndi ambiri m'mbali mwa mtsinje wa South Rukuru komanso m'madera a Embangweni, Jenda ndi Luwerezi. Kukadziwa bwino kumathandiza ogwira ntchito za boma kupewa zolakwika ziwiri: kupereka mankhwala a matenda omwe munthu alibe, ndi kupopera mankhwala tizilombo tothandiza alimi.

Akatswiri amaika zamoyo m'magulu, kuyambira pa gulu lalikulu kutsikira ku laling'ono. Kachikumbuka kali m'gulu la tizilombo ta miyendo isanu ndi umodzi. M'gululi muli gulu lina la zikumbu lotchedwa Coleoptera, momwe mulinso nankafumbwe, ndipo chizindikiro chake ndi mapiko akunja olimba omwe amaphimba mapiko ofewa oulukira. Pansi pa zikumbu pali banja la Staphylinidae, lomwe linapatsidwa dzinali m'chaka cha 1802 ndi katswiri wa ku France, Pierre André Latreille. Banjali ndi limodzi mwa mabanja akuluakulu kwambiri a zamoyo, poti lili ndi mitundu yodziwika yoposa 60,000. Yambiri mwa mitunduyi ndi yakuda kapena yotuwira, imakhala m'zinyalala, m'ndowe ndi pansi pa miyala, ndipo sivulaza munthu.

M'banja limeneli ndi momwe muli fuko la Paederus, lomwe linalembedwa koyamba m'chaka cha 1775 ndi Johan Christian Fabricius wa ku Denmark, ndipo lili ndi mitundu mazanamazana. Mtundu uliwonse uli ndi maina awiri, potsatira njira yomwe Carl Linnaeus wa ku Sweden anakhazikitsa pa maina a nyama m'chaka cha 1758. Dzina loyamba limagwira ntchito ngati chiwongo, monga momwe la Jere limagwirizanitsira mabanja ambiri a Angoni a ku Mzimba, pamene lachiwiri ndi la mtundu umodzi wokha. Mitundu iwiri yomwe imatchulidwa kwambiri kum'mawa kwa Africa ndi Paederus eximius ndi Paederus sabaeus. Wachiwiriwu unafotokozedwa m'chaka cha 1840 ndi Wilhelm Erichson, katswiri wa ku Germany yemwe ankagwira ntchito ku Berlin.

Mlangizi wa zaumoyo kapena wa zaulimi sasowa makina kuti azindikire fuko la Paederus. Kachikumbuka ndi kowonda, kotalika mamilimita pafupifupi 7 mpaka 10. Mutu wake ndi wakuda, chifuwa ndi chofiirira ngati lalanje lakupsa, ndipo mapiko akunja ndi akuda monyezimira mobiriwira. Chizindikiro chachikulu ndi choti mapikowa ndi aafupi kwambiri, moti mbali yaikulu ya mimba imakhala pamtunda. Mimbayo ndi yofiirira, koma kunsonga kwake ndi kwakuda. Kamathamanga kwambiri, ndipo kakaopsezedwa kamapindira mimba m'mwamba ngati chinkhanira.

Pali tizilombo tina tomwe munthu angasokoneze nato. Nyerere ili ndi chiuno chowonda ngati ulusi ndi tinyanga topindika, zomwe kachikumbuka kalibe. Palinso kachilombo kena kowonda komwe kali ndi mphanda yonga pulayala kumchira, pamene Paederus alibe mphanda yotere. Dzodzwe nayenso amatulutsa matuza pakhungu, koma ndi wa banja lina la Meloidae. Iye ndi wamkulu, wakuda ndi mizere yachikasu kapena yofiira, mapiko ake amaphimba mimba yonse, ndipo amaoneka masana akudya maluwa a nyemba, khobwe ndi nandolo.

Kusiyanitsa mtundu ndi mtundu mkati mwa fukoli ndiye ntchito yovuta, chifukwa mitundu yambiri ndi yofanana maonekedwe. Katswiri amaika kachikumbuko pa maikulosikopu n'kuyang'ana maumbidwe a mutu, timaenje ta pamapiko ndi tiubweya ta pathupi. Umboni wodalirika kwambiri umachokera ku chiwalo choberekera cha kachikumbu kakamuna, chomwe chimatulutsidwa ndi kasingano. Chiwalochi chimaumbidwa mosiyana pa mtundu uliwonse. Zomwe wapeza amaziyerekeza ndi zolemba za amene anafotokoza mtunduwo poyamba, komanso ndi zitsanzo zosungidwa m'nyumba zosungira zachilengedwe. Kuyambira m'chaka cha 2003, akatswiri akhala akugwiritsanso ntchito kachigawo ka DNA potsimikiza mtundu wa chamoyo.

Poizoni wa kachikumbuka amatchedwa pederin, dzina lomwe linaperekedwa m'chaka cha 1953 potsatira kafukufuku wa Mario Pavan wa ku Italy. Poizoniyu amakhala m'madzi a m'thupi mwa kachikumbuka, makamaka kakakazi, ndipo m'chaka cha 2002 kafukufuku anaonetsa kuti amapangidwa ndi mabakiteriya a m'gulu la Pseudomonas omwe amakhala m'thupimo. Pederin amaletsa maselo a khungu kupanga zomanga thupi ndi kuchulukana, kotero kuti khungu lokhudzidwalo limafa.

Vuto ndi loti munthu samva kanthu nthawi yomweyo. Kufiira ndi kuwotcha kumayamba patapita maola 12 mpaka 36, ndipo matuza amatsatira. Pofika nthawi imeneyi wodwala amakhala ataiwala kuti anaphwanya kachilombo pakhosi kapena pamkono usiku. Balali nthawi zambiri limakhala lamzere, potsata momwe dzanja linakhulira. Pamalo opindika ngati pachigongono pamatuluka mabala awiri oyang'anizana, chifukwa khungu limapakana poizoniyo. Zala zikafikitsa poizoniyu m'maso, zikope zimatupa ndipo diso limafiira ndi kupweteka kwambiri. Mabala ambiri amapola pakati pa sabata imodzi ndi masabata atatu, koma chipsera chakuda chimatha kukhala kwa miyezi.

Apa ndi pomwe pali chiopsezo chosokoneza mabalawa ndi mashingozi. Mashingozi amayamba ndi kachilombo ka katsabola, amatsata njira ya mtsempha mbali imodzi ya thupi, ndipo kawirikawiri ululu umayamba matuza asanatuluke. Mabala a Paederus amatuluka pamalo osavala monga kumaso, pakhosi ndi m'mikono, satsata mtsempha, ndipo amatha kugwira anthu ambiri ogona malo amodzi m'sabata imodzi. Popeza anthu ambiri m'dziko muno amagwirizanitsa mashingozi ndi HIV, kulakwitsa pamenepa kungadzetse nkhawa ndi tsankho pa munthu, komanso kuononga mankhwala a boma.

Kuchuluka kwa tizikumbuti kumatsatira mvula. Dziko la Kenya linakumana ndi vutoli kwambiri m'chaka cha 1998, kutsatira mvula yamphamvu ya El Niño yomwe inayamba mu 1997. Magetsi nawonso ali ndi gawo lake, chifukwa tizikumbuti timakopeka ndi kuwala koyera. Motero sukulu, zipatala ndi nyumba za ogwira ntchito za boma zomwe zili ndi magetsi pafupi ndi madambo ndi zomwe ziyenera kukhala tcheru.

Ngakhale zili chomwechi, kumunda kachikumbuka ndi bwenzi la mlimi. Kamadya nsabwe za mbewu, mazira ndi timphutsi ta tizilombo toononga mbewu. Kupopera mankhwala m'madimba ndi m'madambo pofuna kukathetsa kungaphe tizilombo tothandiza ndi kuipitsa madzi. Njira zoyenera ndi za panyumba: kutseka mazenera usiku kapena kuikamo sefa, kuzimitsa magetsi osafunika, kugona m'masikito, kukutumula zovala ndi zofunda, ndi kulambula udzu pafupi ndi nyumba. Kachikumbu kakatera pathupi kayenera kuuziridwa kapena kuchotsedwa ndi pepala, osati kumenyedwa. Kakaphwanyika, malowo atsukidwe msanga ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo munthu asagwire m'maso. Yemwe wakhudzidwa m'maso kapena mabala ake ayamba mafinya apite kuchipatala.

Pomwe anthu angapo atuluka mabala otere nthawi imodzi, ogwira ntchito ayenera kufufuza pansi pa magetsi ndi m'makoma usiku. Tizikumbu topezekato tikokeredwe m'kabotolo ndi pepala, tithiridwe sipiriti, ndipo palembedwe malo, tsiku ndi dzina la wotola, poti chitsanzo chopanda zimenezi sichithandiza katswiri. Ndi bwino kutola tingapo kuti pasalephere kupezeka kakamuna. Zitsanzozi zitha kuperekedwa kudzera ku ofesi ya zaulimi ya boma kuti zifike kwa akatswiri a tizilombo a nthambi ya kafukufuku wa zaulimi, yomwe ili ndi malo ake ku Mbawa m'boma lomweli, ku Lunyangwa mu mzinda wa Mzuzu ndi ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Lipoti lotere, likalembedwa limodzi ndi chiwerengero cha odwala, limathandiza akuluakulu a zaumoyo kudziwa madera ndi miyezi yofunika kuchenjeza anthu mvula ya chaka chotsatira isanayambe.