Amayi othawa kwawo amene amadutsa mu Mzuzu

Ndikamva anzanga kuno ku Nkhorongo akudandaula kuti othawa kwawo akutilanda malonda, ine mtima umapita kwa amayi. Mayi wochokera ku Congo, Burundi kapena Rwanda amalowa pa Songwe mwana ali kumsana, n'kudikira ku Karonga, kenako n'kudutsa mu Mzuzu muno pa msewu wa M1 kupita ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Malowa, omwe kale anali ndende, anasanduka msasa mu 1994 woti usunge anthu pafupifupi 10,000. Lero muli oposa 50,000.

Boma limafuna kuti mayiyu azikhala mumsasamo, osakagwira ntchito kunja. Koma thandizo la chakudya lochokera ku bungwe la WFP lakhala likuchepa, ndipo ana akugona ndi njala. N'chifukwa chake amayi ena anatuluka n'kukatsegula timaokala m'matauni, kumagulitsa mpunga wa pakapu, mchere ndi sopo wodulidwa tizidutswa, kuti apeze ufa ndi yunifolomu ya ana.

Mu Meyi 2023 apolisi anayamba kuwabweza ku Dzaleka mokakamiza, ndipo ana ena anasiyira sukulu panjira. Zimenezi zimandiwawa kwambiri. Nyumba ya Malamulo iunikenso lamulo la othawa kwawo la 1989, kuti mayi wotere aloledwe kudzipezera yekha chodyetsa ana ake.