Batire kubuti: nzeru yabwino kapena kuputa moto?

Amene anayendapo pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima kudutsa pa Benga, pa Chia mpaka ku Dwangwa mwezi wa October akudziwa mmene dzuwa la kunyanja limawotchera. Anthu amathawira pansi pa mtengo wa mango, koma batire la galimoto lilibe kothawira. Lili pomwepo pambali pa injini, madzi ake akuphwera pang'onopang'ono mpaka tsiku lina m'mawa galimoto kukana kulira.

Ichi n'chifukwa chake eni galimoto ena amaganiza zochotsa batire kutsogolo n'kukaliika kubuti. Kumeneko kutentha kumachepa, ndipo mbava zimene zimadziwa kuti batire lili ndi msika kwa anthu a sola ndi asodzi owedza usipa ndi magetsi usiku zimavutikako kulipeza. Ena amakumbukiranso madzi osefukira a mu February 2024, amene anaononga msewu ndi nyumba m'dera la Dwangwa, ngakhale kunena zoona madzi akafika pa boneti ndiye kuti ndi kubuti komwe alowa.

Nzeruyi si yachilendo. Galimoto zambiri za BMW zimachoka kufakitale batire lili kumbuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti opangawo anakonzeratu malo ake, pomwe pagalaja ya pansi pa mtengo ena amangoti bola waya wafika.

Vuto loyamba ndi waya yemweyo. Poliza injini, sitata imakoka mphamvu yopitirira ma ampu 100, ndipo mphamvuyo tsopano iyenera kuyenda mamita 4 kapena 5. Waya wa magetsi a m'nyumba sangathe. Amatentha, ndipo sitata imangolira mofooka ngati batire latha. Pamafunika waya wonenepa ngati chala, wa 35 mm² kapena kuposa apo. Paliponse pamene wadutsa pachitsulo pamayenera kukhala labala, chifukwa m'maenje a misewu yathu chitsulo chimadya chikopa cha waya mwakachetechete. Tsiku limene mkuwa udzakhudze bodi, ndi moto. Choteteza ndi fyuzi yaikulu yoikidwa pafupi penipeni ndi batire, osapitirira masentimita 30. Waya wa negetivu amangidwe pachitsulo chopalidwa penti yense.

Koma nkhani yagona pa zimene timanyamula kubutiko. Ku Nkhotakota buti si malo a sutikesi ayi. Mumalowa matumba a mpunga, chinangwa, mabeseni a nsomba zodontha madzi, khasu, jeke, ndipo nthawi imene mafuta amasowa, monga mu 2022 ndi 2024, ndi zigubu za petulo zomwe. Batire likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa hydrogen, umene umatha kuphulika ukangokwana magawo 4 pa 100 alionse a mpweya wa pamalo otsekeka. Khasu likagwera pa mitu iwiri ya batire, kuthetheka kwake n'kokwanira kuyatsa zonsezo.

Choncho batire liyenera kukhala m'bokosi lotseka, lokhala ndi kapaipi kotulutsira mpweyawo kunja kwa galimoto, ndipo limangidwe ndi mabawuti, osati malamba a chubu cha njinga. Batire la makilogalamu 12 likadumpha pangozi silisankha mutu wa munthu.

Kwa a Sienta ndi Probox, zimene zimanyamula anthu pakati pa boma ndi Dwangwa, ine ndinganene kuti zisiyeni. Galimotozi zilibe khoma pakati pa katundu ndi okwera, ndiye mpweya wa asidi umapumidwa ndi mayi ndi mwana amene akhala mpando wam'mbuyo. Ngati nkhawa ndi kutentha, n'zotchipa kuona madzi a batire mwezi uliwonse n'kuthiramo madzi ake ogula, osati a m'nyanja kapena a pamjigo. Ngati nkhawa ndi akuba, wowotcherera zitsulo aliyense pa boma angakupangireni chitsulo chopingasa chokhala ndi loko.